Ringitoni ndi masekondi 30 okha, dulani nokha musadyeredwe mayunitsi

Akonzi,

Ndithokoze kaye pondipatsa kadanga m'nyuzi yathuyi. Nkhani yangayi ena aiona ngati yachibwana poti si yandale, ndi nkhani ya kaliridwe ka foni basi, koma ndakhala nayo kukhosi nthawi yaitali ndipo zimene ndinaona sabata yathayi zandichititsa kuti ayi ndilembe ndithu.

Tinali pa mzere kudikira adokotala, anthu ambirimbiri pa mabenchi, aliyense ali phee. Mwadzidzidzi foni inalira. Akonzi, anthu asanu kuphatikizapo ine ndemwe tonse manja m'matumba nthawi imodzi, mayi wina mpaka anakhuthula chikwama chonse pamiyendo, makiyi uko, mapepala uko, kupeza foni yake ili duu. Yolirayo inali ya bambo wina amene anali akuwodzera pakona, ndipo iye ndi amene anali womaliza kudziwa kuti akuimbiridwa. Tinaseka, koma mukaganiza bwino n'zomvetsa chisoni. Tonsefe tinagula foni, kuitulutsa m'katoni, kuikamo simu, basi, kaliridwe kamene anaikamo akufakitale n'komweko mpaka foniyo idzafe. Foni wagula ndi thukuta lako koma ikulira ngati ya wina aliyense. Ndiye ochepa amene amayesako kusintha ndi amenenso akuberedwa, ena mayunitsi, ena bandulo, ena foni yonse kudzaza ndi zinyalala.

Chondidabwitsa n'choti kale sitinali otere. Amene tinagwirako Nokia 3310, ija inatuluka mu 2000 yosafa ngakhale igwe pa simenti, tikukumbuka kuti munali kanthu kotchedwa Composer. Umakhala pansi ndi kope, mnzako wakukopera manambala, iwe n'kumadina batani limodzilimodzi, 1 mpaka 7 anali manotsi a nyimbo, 8 kufupikitsa, 9 kutalikitsa, 0 kupumira, kanyenyezi kukweza liwu. Ukalakwitsa pamodzi nyimbo yonse imamveka ngati mbuzi yotsamwa, umayambiranso. Zotuluka zake zinali tii tii tii basi, liwu limodzi nthawi imodzi, mulibe ng'oma mulibe woimba, koma ikalira pagulu sumachita kufunsa, umadziwa kuti iyo ndi yanga ndinaigonera mochedwa. Lero tili ndi mafoni oposa makompyuta a nthawi imeneyo kutalitali koma kusintha kaliridwe kokha tikuti n'zovuta.

Kanyimbo ka Nokia kaja, kamene dziko lonse linafika pokaloweza, sikanapekedwe ndi a Nokia ayi. Ndi kachidutswa ka nyimbo ya gitala yotchedwa Gran Vals imene Francisco Tárrega wa ku Spain anapeka mu 1902, iwo anangodulapo masekondi ochepa n'kuika mu Nokia 2110 mu 1994. Mkuluyo anamwalira mu 1909, foni ya m'manja asanailoteko n'komwe. Ndatchula dala zimenezi chifukwa luso lonse la ringitoni lagona pomwepo, iwo aja sanatenge nyimbo yonse, anafufuza pamene pakugwira khutu n'kudula.

Anthu a bizinesi sanachedwe kuona kuti apa pali ndalama. Mu 1998 kampani ya mafoni ya ku Finland, Radiolinja, inayamba kugulitsa maringitoni kudzera pa SMS, umatumiza meseji kanyimbo n'kubwera. Kenako kunabwera aja timati polyphonic, omveka ngati kiyibodi ya ana koma zida zingapo zikulira pamodzi, kenako mafoni anayamba kutha kuliza nyimbo yeniyeni ya MP3. Pofika 2005 zinthu zinafika popenga. Mukukumbuka Crazy Frog, kachule kaja kovala magalasi a woyendetsa ndege? Phokoso lake linali la mnyamata wa ku Sweden akutsanzira kulira kwa injini ya njinga yamoto, kampani ya ku Germany ya Jamba n'kulisandutsa ringitoni, mpaka nyimbo yake inakakhala nambala wani ku Britain chaka chimenecho kuposa ya gulu loimba la Coldplay. Koma chimene anthu ambiri anadandaula nacho nthawi imeneyo n'choti ankaganiza kuti agula kachule kamodzi, osadziwa kuti alembetsa zolipira mobwerezabwereza. Msampha umenewo, Akonzi, sunafe, unangosintha malaya.

Ine unandikola chaka chatha. Ndinaimbira mnzanga, m'malo momva tuu tuu ndinamva nyimbo, kenako kamawu ka mayi kakuti dinani batani lakuti kuti nyimboyi ikhale yanu. Kaya ndinadina dala kaya ndi tsaya linagunda sikirini, Mulungu ndi amene akudziwa, koma kuyambira tsiku limenelo mayunitsi anga anayamba kuchita ngati madzi a m'ndowa yobooka. Ndikaika madzulo, m'mawa aperewera, osati kwambiri, kangachepe chabe, kaja kamene munthu sungapite nako kukadandaula. Ndinatha miyezi itatu ndikunamizira ana kuti akuba mayunitsi. Kampaniyo sinditchula, koma tsiku limene ndinawaimbira ndinadikira pa mzere nthawi yaitali ndikumvetsera nyimbo yawonso, pomaliza mtsikana waulemu ndithu anandiuza kuti achimwene munalembetsa caller tune. Chopweteka kwambiri n'choti nyimbo imene ndinkalipirayo ine sindinaimveko ngakhale tsiku limodzi.

Apa ndi pamene anthu ambiri akusokonezeka, ndiye ndifotokoze. Caller tune siili m'foni mwanu. Ili ku makina a kampani ya netiweki, amaimva ndi amene akukuimbiraniyo pamene akudikira kuti muyankhe, ndipo amakudulani ndalama tsiku lililonse kapena mwezi uliwonse mpaka mutaletsa. Inatchuka kuchokera ku South Korea mu 2002 ndi kampani ya SK Telecom, makampani ena onse n'kutengera. Ringitoni ndi ina, ndi kafayilo kamene kamakhala m'foni mwanu momwemo, mumamva ndinu foni ikamalira, ndipo mukaika mwaika, palibe amene angakulipiritseni mawa. Sindikunena kuti caller tune ndi yoipa, amene akuifuna ndipo akudziwa kuti akulipira asangalale nayo, oimba nawonso amapezako kangachepe. Koma munthu asamalipire chinthu poganiza kuti ndi china. Ngati mayunitsi akusowa mosadziwika bwino imbani ku kampani yanu muwafunse kuti pa nambala yanga pali zolembetsa zingati, ena mudzadabwa.

Tsono nyimbo zimalowa bwanji m'foni. Njira yakalekale ndipo yosadya bandulo ndi kebulo. Mulumikize foni ya Android ku kompyuta, koma apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, kompyuta imangoonetsa foda yopanda kanthu munthu n'kumati kebulo yafa. Siinafe. Tsegulani loko wa foni, kokerani pansi sikirini kuchokera pamwamba, mupeza kameseji kakuti foni ikungotchaja, dinani pamenepo musankhe File transfer, zonse zioneka. Zoona pali makebulo ena otchipa amene mkati mwake muli mawaya otchajira okha, amenewo ngakhale mupemphere sangatumize kanthu, yesani ina. Mukalowa muona foda yolembedwa Music, ponyani nyimbo zanu mmenemo, mwamaliza. Amene foni yawo ili ndi malo a memori khadi ndiye zophweka kuposa apa, kuchotsa khadi, kuika mu kadi rida, kukopera, kubwezera. Kungoti samalani ndi mamemori khadi achinyengo, pamwamba alemba 64GB koma mkati ndi kochepa kwambiri, amalandira nyimbo zonse bwinobwino ngati akusunga, tsiku lomvetsera theka lake likukana kutsegula. Khadi yatsopano muziiyesa kaye poidzazitsa n'kutsegula mafayilo omalizirawo musanadilite kumene mwawatenga.

Foni ndi foni pali Bluetooth, yochedwa koma siikhumudwitsa, ndipo imagwira ngakhale pa foni ya mabatani. Pa Android zatsopano pali Quick Share, ija inkatchedwa Nearby Share mpaka 2024, imathamanga kwambiri ndipo sifuna bandulo, ili kale m'foni simufunika kudawuniloda china chilichonse. iPhone ndiye ili ndi khalidwe lakelake, kulandira fayilo pa Bluetooth kuchokera ku foni ina imakana, imafuna njira yakeyake yotchedwa AirDrop kapena kudzera pa kompyuta.

Za kukula kwa mafayilo anthu sazilabadira koma n'zimene zimadzazitsa foni. MP3 ya 128 kbps, nambala yosonyeza kulemera kwa fayilo pa sekondi iliyonse, imadya pafupifupi 1MB pa mphindi imodzi, ndiye nyimbo ya mphindi zinayi ndi 4MB, kutanthauza kuti mu 1GB mungalowe nyimbo pafupifupi 250. Yomweyo ikakhala ya 320 kbps imafika pafupifupi 10MB. Ngati muli ndi mahedifoni abwino kusiyanako mwina mukumva, koma pa kasipika ka foni, kaja kakang'ono ngati njere, ine ndikukutsimikizirani simungasiyanitse. Choipa kwambiri n'chimene amachita achinyamata ena, kusunga vidiyo yonse chifukwa chofuna kumva nyimbo yokha, fayilo imodzi kudya malo a nyimbo khumi, kenako foni ikuti memori yadzadza iwo n'kumadilita zithunzi za ana.

Wina anandifunsa kuti ine ndinadawuniloda nyimbo pa Spotify, ndimamvera ngakhale popanda netiweki, nanga bwanji ndikafuna kuiika ringitoni sikupezeka? Chifukwa si yanu. Nyimbo za m'ma app ngati amenewo zimasungidwa zokhomedwa, app yokhayo ndi imene ili ndi kiyi, mwachita ngati kubwereka, mukasiya kulipira zimatsekeka. Kuti nyimbo ikhale ringitoni pamafunika fayilo yeniyeni, MP3, M4A, OGG kapena WAV, imene mungaione mu File manager ndi maso anu. Ndipo pano ndinenepo ngakhale ena akwiye, fayiloyo muziipeza mwachilungamo, kugula kapena kutenga kumene woimba waika yekha kuti anthu atenge. Woimba analipira situdiyo, ali ndi ana. Kumutamanda kuti ndiwe dolo uku nyimbo zake zonse munazitenga ulele pa mawebusayiti akuba, kutamanda kotani kumeneko.

Mawebusayiti amenewo ndi ma app aja olembedwa free ringtones ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwana wa mchemwali wanga anaika imodzi, tsiku lomwelo foni inayamba kutulutsa zotsatsa malonda ngakhale ili pa loko, batire kutha masana asanakwane, foni kutentha ngati ayironi. Nditaiona ndinapeza kuti app ya maringitoni yapatsidwa chilolezo chowerenga ma SMS, kuona manambala onse a m'foni, ndi kudziwa pamene iye ali. App yoliza nyimbo ikufuna ma SMS anu achani? Ma code a ku banki amabwera pa SMS pomwepo. Chinanso muziyang'ana kumapeto kwa dzina la fayilo, nyimbo imathera .mp3 kapena .m4a, ikathera .apk imeneyo si nyimbo, ndi pulogalamu yavala chigoba cha nyimbo, ndipo foni ikakufunsani kuti install pamene inu mumafuna kumvera nyimbo dziwani kuti mbala ili pakhomo.

Ndifike pa nkhani yodula, imene kwa ine ndiye mtima wa kalatayi. Kulakwitsa kwakukulu n'kutenga nyimbo yonse ya mphindi zisanu n'kuiseta ringitoni. Nyimbo zambiri zimayamba mwakachetechete, kapiyano pang'onopang'ono, mwina woimba akuyamba walankhula kaye kupereka moni kwa amene anajambula nyimboyo, masekondi 15 atha phokoso lenileni lisanayambe. Koma foni siilira mpaka kalekale. Pa netiweki ya GSM nthawi yodikira isanapatutsidwe kupita ku voicemail siipitirira masekondi 30, nthawi zambiri ndi yocheperapo. Ndiye pamene kolasi ikuti iyambe woimba uja wadula kale, inu mukupeza missed call n'kumati koma foniyi siinalire. Inalira, kungoti inkalira malonje.

Dulani masekondi 20 kapena 30 kuyambira pamene nyimbo yagwira moto. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity, yakhalapo kuyambira mu 2000, mumatsegula nyimbo, imaoneka ngati mapiri ndi zigwa, pamene mapiri atalika ndi pamene pali phokoso, mumasankha chigawo chimenecho ndi mausi, kutaya zotsalazo, n'kusunga ngati MP3. Ine ndimaikako Fade in ya sekondi imodzi koyambirira kuti isamachite kundidzidzimutsa ngati mfuti, komanso ndimayesetsa kudula pothera mzere kuti ikamabwereza isamamveke ngati munthu wamutseka pakamwa. Mafoni ena a Android ali ndi kale kodulira mu app yawo ya nyimbo, ena amatha kusankha okha pamene nyimbo yafika pa kolasi. Kafayilo kotuluka nthawi zambiri sikafika ndi 1MB yomwe.

Posankha nyimbo kumbukirani kasipika kaja. Bezi sikaitha. Nyimbo imene m'galimoto kapena pa masipika akuluakulu imagwedeza chifuwa, pa foni imangomveka phwee phwee ngati wailesi yatha mabatire, m'thumba la jinzi ndiye osamveka n'komwe. Khutu la munthu limamva msanga mawu okwera, apakati pa 2000 ndi 5000 Hz, n'chifukwa chake maringitoni a kufakitale amakhala a tizida tolira mokwera, Marimba ija inabwera ndi iPhone yoyamba mu 2007 ndi chitsanzo. Ndiye sankhani pamene pali gitala wolira pamwamba, lipenga, mluzu, kapena mawu a woimba ali poyera. Langizo lina limene ndinaliphunzira mowawa, nyimbo imene mumaikonda kwambiri musaiike ringitoni, makamaka musaiike alamu. Ine ndinaika nyimbo imene tinavina pa tsiku la ukwati wathu kukhala alamu ya 5 koloko m'mawa, patangotha mwezi mayi a kunyumba anandiuza kuti bambo, mukapanda kuichotsa nyimbo imeneyi ndiyamba kudana ndi tsiku limene lija. Mpaka lero ikalira pa wailesi thupi langa limachita ngati ndachedwa ku ntchito.

Mukadula, pa Android kaikeni kafayiloko mu foda yolembedwa Ringtones, ili pafupi ndi ya Music ija mu memori ya foni. Palinso ya Notifications ya timawu ta mameseji ndi ya Alarms. Ngati palibe pangani nokha, dzina likhale lomwelo. Kenako pitani ku Settings, Sound, Ringtone, mupeza dzina lake lili pamndandanda limodzi ndi za kufakitale zija, ngati silikuoneka zimitsani foni muyatsenso, kapena dinani kachizindikiro ka + mulisake nokha. Ndanena dala kuti memori ya foni. Ringitoni ikakhala pa memori khadi, tsiku limene mwachotsa khadi kapena yachedwa kuwerengedwa poyatsa, foni imabwerera ku kaliridwe kake kakale osakuuzani. Chimodzimodzi amene amaseta ringitoni kuchokera pa nyimbo imene wina anawatumizira pa WhatsApp, fayiloyo imakhala mu foda ya WhatsApp, tsiku lopukuta foni kuti mupeze malo imapita limodzi ndi mavidiyo a m'magulu, foni n'kukhala chete kapena kuyamba kulira zina. Ikopereni kaye ku Ringtones. Ndipo musaiwale kuti kuimba kwa pa WhatsApp kuli ndi ringitoni yakeyake mu masetingi a WhatsApp momwemo, pa Notifications, kusintha ya foni sikusintha imeneyo nthawi zonse. Amene muli ndi masimu awiri, mafoni ambiri amalola simu iliyonse kulira mwake, ya ku ntchito ina ya kunyumba ina, musanatulutse foni mwadziwa kale kuti muyankhe ndi mawu ati.

A iPhone anzathu akhala akuvutika zaka zambiri. Kwa iwo ringitoni inkayenera kukhala fayilo ya mtundu wa AAC yothera .m4r, ndiye anthu ankachita kudula nyimbo pa iTunes, kusintha dzina kuchoka .m4a kupita .m4r, kulumikiza kebulo, ntchito ngati ukumanga nyumba. Njira yopanda kompyuta ndi GarageBand, app yaulere ya Apple yomweyo, mumalowetsamo fayilo, kudula masekondi 30, kenako Share n'kusankha Ringtone. Mu iOS 26, pulogalamu yoyendetsa iPhone imene inatuluka mu 2025, ndi mmene anafewetsa, fayilo ya MP3 kapena M4A yosapitirira masekondi 30 mumangoitsegula mu Files, Share, Use as Ringtone, yatha. Chinthu chimene Nokia ya mabatani inkachita kalekale, koma tingoti zikomo.

Tsono Akonzi ndikuuzeni chifukwa chenicheni chimene nkhaniyi ndimaitengera pamtima. Mayi anga maso anayamba kuvuta, zilembo za pa sikirini saziona pokhapokha atapeza magalasi, ndipo magalasiwo nthawi zonse amakhala ali kuchipinda pamene foni ili pabalaza. Foni ikalira ankayankha aliyense, ena ongofuna kuwanamiza kuti mwawina mphoto tumizani kaye ndalama, ena olakwitsa nambala, mpaka anafika poiopa foni, ikalira n'kumangoiyang'ana. Ife ana awo tikaimba osayankhidwa mtima uli m'mwamba kuti kaya agwa. Tsiku lina nditapita kukawaona ndinatenga foni yawo ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu, tinatsegula Voice recorder, ndinati iwe lankhula. Koyamba anangoseka, kachiwiri ananong'ona, kachitatu ndiye anakuwa kuti agogo, agogo, yankhani foni, ndi adadi! Ndinadula kusekako, ndinasiya mawu okhawo masekondi asanu, kuika mu Ringtones, kenako ndinatsegula nambala yanga mu Contacts, pa timadontho titatu tija pali Set ringtone, n'kusankha kamawuko. Inayamba yakana, kufufuza ndinapeza kuti nambala yanga inasungidwa pa simu, ndipo nambala ya pa simu siilola ringitoni yakeyake, ndinachita kuisamutsira mu foni. Achemwali anga tinawaikira mawu a mwana wawo, achimwene chimodzimodzi. Ena onse osadziwika tinawasiyira kaliridwe ka kufakitale kaja.

Ndinatuluka panja n'kuimba kuti tiyese. Ndili pawindo ndinawaona mayi akudzidzimuka, kuyang'ana kukhomo kufuna mdzukulu amene anali atakhala pambali pawo pomwepo, kenako kuyang'ana foni, kenako kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Anati ndiye kamwanaka kalowa bwanji mmenemu? Kuyambira pamenepo sanaphonyeko foni yanga, ndipo ikalira ya kufakitale ija amadziwa kuti si mwana wawo, amayankha akafuna. Ntchito yonseyo inatenga mphindi 20 ndipo sitinalipire aliyense.

Ndisanamalize ndidandauleko za ulemu, poti ringitoni yabwino ikalira malo olakwika ndi phokoso basi. Mu Januwale 2012 ku New York, gulu la New York Philharmonic likuimba chigawo chomaliza cha Symphony No. 9 ya Mahler, pamene nyimbo imafika pa kachetechete weniweni, Marimba ya iPhone inayamba kulira mzere wakutsogolo osasiya, mpaka wotsogolera gululo Alan Gilbert anaimitsa nyimbo yonse. Mwini foniyo anali ataiika pa sayilenti ndithu, chimene chinkalira ndi alamu, ndipo alamu siimvera sayilenti. Ambiri sadziwa zimenezi mpaka ziwachitikire pa msonkhano kapena m'nyumba yopemphereramo. Ngati mukulowa malo ofunika bata onaninso ma alamu, kapena ingozimitsani. Ndipo amene mumaopa kuika sayilenti kuti mwina kunyumba kuchitika zadzidzidzi, pali Do not disturb, mumasankha anthu ochepa amene foni yawo izilowabe, komanso ili ndi kuti munthu akaimba kawiri motsatizana ilire, pa iPhone ndi mkati mwa mphindi 3, pa Android mphindi 15. Komanso abale, ganizirani mawu a nyimbo imene mwaika. Foni simasankha nthawi, idzalira muli pamaso pa abwana kapena apongozi, ndiye ngati kolasi yake ndi yoti simungaiimbe pamaso pawo musaiike, chifukwa tsiku limenelo foni idzakanirira m'thumba ndipo idzaimba mzere wonse mpaka kumapeto.

Pempho langa kwa inu Akonzi n'loti mutipatseko kakona m'nyuzi muno, ngakhale kamodzi pa mwezi, kofotokoza tinthu ta mafoni ngati timeneti m'Chichewa, chifukwa masetingi onse ali m'Chingerezi ndipo achikulire ambiri amachita manyazi kufunsa ana, anawo akafunsidwa amangolanda foni, kudinadina, kubweza, osaphunzitsa. Kwa makampani a mafoni, munthu asanalembetsedwe chilichonse chodula mayunitsi muzimufunsa kawiri, ndipo meseji yoletsera izikhala yosavuta ngati mmene yolembetsera ilili.

Mayi anga pano akuti ndipite ndikajambulenso, mdzukulu wakula mawu asintha, komanso akufuna wina wa mng'ono wanga amene wangoyamba kulankhula. Vuto ndi loti kamwanako pakali pano kamangodziwa mawu amodzi okha, akuti iyayi, ndiye sindikudziwa ngati foni yolira kuti iyayi iyayi adzaiyankhe.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse.